Liwu Limene Veronika Analidula Patatu

Liwulo linafika pa foni tsiku lotentha, kutentha kwa ku Chigwa kuja kumene ngakhale mbuzi zimasiya kudya n'kukabisala pansi pa ngolo. Veronika anali kuseri kwa nyumba yake, m'mphepete mwa dambo kufupi ndi Bangula, akuwamba milamba yokagulitsa kumsika. Anapukuta manja pa chitenje, n'kudina pamene anamuphunzitsa kudina, ndipo mawu a Magdalena, mnzake wa mwana wake wamkazi, anamveka kuchokera ku Norway.

"Amayi, mwati mukufuna kumva dzina la mlandu wanu m'chiyankhulo cha kuno. Ndi ili: samværsrett."

Veronika anadinanso kuti amve bwino. Ha! Limeneli ndi liwu, kapena munthu watsamwidwa ndi munga wa nsomba? Linkayamba bwinobwino, kenako n'kuphwanyika pakati, n'kutha mwadzidzidzi munthu asanakonzeke. Anaika foni pa mtondo n'kukhala pansi, utsi ukumulowa m'maso.

Mlandu wake unali wa mdzukulu. Ireen, mwana wake yekhayo wamkazi, anapita ku Norway kukaphunzira unamwino, n'kukwatiwa komweko ndi mzungu dzina lake Dennis. Anabereka kamtsikana, Leah. Chaka chathachi Ireen anadwala khansa n'kumwalira, ndipo anaikidwa komweko, m'nthaka yozizira imene mayi ake sanaipondepo. Chimene chinatsala cha Ireen pa dziko lino ndi Leah basi.

Ireen ali moyo, Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi ankaimba foni yoonana nkhope. Leah ankadumphadumpha, n'kumafunsa m'Chichewa chake chopindika chija kuti, "Agogo, mwadya chiyani?" Dennis akangotulukira kumbuyo kwa mwana, Veronika ankatembenuza nkhope n'kuyang'ana pansi, moni n'kupereka kudzera mwa Ireen: "Uwauze apongozi kuti ndadzuka bwino." Ndi mmene analeredwera. Mkazi wodzisunga sayang'ana mkamwini wake m'maso, sayankhula naye pamaso ndi pamaso, ndipo akakumana pa njira wina amapatuka. Dennis ankalandira ulemu wonse umene Veronika anali nawo.

Ireen atamwalira, pakamwa pa Veronika panafunika munthu wina. Analowapo ndi mlongo wake Symon, atsibweni a Ireen, mwinimbumba, amene Chingerezi anachitola akugwira ntchito ku minda ya nzimbe ku Nchalo. Symon si munthu woipa, musandimve molakwa. Koma ndi munthu woti akadziwa kuti chilungamo chili mbali yake sasamala kuti mnzake akulira. Maliro asanazizire anamuuza Dennis pa foni kuti iwo ndi Amang'anja, kuti Dennisyo sanalowole, choncho mwana ndi wa mbumba ya mayi ake ndipo abwere naye kumudzi. Dennis anadula foni. Kuchokera tsiku limenelo nambala ija inkangolira osayankhidwa, mvula inabwera, madzi anasefukira m'madimba n'kuphwa, Leah osamveka.

Magdalena, mnzake wa Ireen, namwinonso, wa ku Chapananga, ndiye anafufuza. Anapeza kuti kumeneko kholo likamwalira, abale ake akhoza kupempha bwalo la milandu kuti aziloledwa kucheza ndi mwana. Anapeza ndi loya yemwe. Koma anachenjezeratu momveka:

"Si kutenga mwana ayi, amayi. Zimenezo muiwale. Ndi kupempha kuti muzimuona, muzimumva, mwina tsiku lina adzakuchezereni. Loya ndiye adzayankhule, inu mudzangoyankha zimene akufunsani."

"Mlandu wanga ndisaudziwe dzina?" anatero Veronika. "Kwathu kuno mwini nkhani amainena ndi pakamwa pake. Undiphunzitse, mwanawe."

Magdalena anadziwa kuti kukangana ndi mayi a Ireen n'kungotaya malovu. Anatumiza uthenga wina wautali, akuyankhula pang'onopang'ono.

"Mulidule patatu, amayi, ngati mlamba: mutu, pakati, mchira. Mutu ndi sam, ndipo mphamvu yonse ili pamenepo. Pakati polembapo pali r ndi s, koma anthu a kuno akamayankhula zilembo ziwirizo zimasungunuka n'kukhala sh, ngati mukuingitsa nkhuku. Mutsegule pakamwa kwambiri, muikoke: vaash. Mchira ndi waufupi: ret. Sam, vaash, ret. Sam ndiye kuti pamodzi, chapakaticho ndi kukhala, ret ndi ufulu. Ufulu wokhala pamodzi."

Veronika anayesa, n'kujambula mawu ake, n'kutumiza. "Sa-mu-va-shi-re-ti."

"Ayi amayi, mwaliberekera ana. Ine ndakupatsani nthuli zitatu, inu mwabweza zisanu ndi imodzi. Mukati sam, tsekani milomo, musatsegulenso. Mukafika pa ret, lilime ligunde kuseri kwa mano n'kuima pomwepo. Musaonjezere i."

Apa ndiye panali ntchito, abale anga. Mawu athu onse amatha pakamwa pali potsegula, kuyambira amayi mpaka manda. Lilime limene lakhala likutero kuyambira ku ubwana, lero mukaliuze kuti liziima panjira? Linkakana. Ka u kankatuluka kokha pambuyo pa sam, ka i kankazembera kumchira ngakhale Veronika alume mano. Ndiponso mano awiri akutsogolo anachoka kalekale, moti sh uja ankatuluka ngati likhweru.

Anayamba kuphunzira ndi mpeni m'manja. Akaika mlamba pa thabwa, ankadula mutu: sam. Ankadula pakati: vaash. Mchira: ret. Ankatero m'mawa poyanika, ankatero panjira atasenza dengu, ndipo tsiku lina anaiwala kuti ali pakati pa anthu n'kutero mokweza pa msika wa Bangula, pa mzere wa ogulitsa nsomba.

"Tamverani, anthuni, mayi a Ireen ayamba malilime!" anakuwa mayi wina wogulitsa mphende. "Mzimu wakutsikirani pa nsomba pomwe?"

Mzere wonse unafa nako kuseka. Wina anati mwina ndi mankhwala oitanira makasitomala, ndipo nayenso amupatseko. Veronika anaimirira, mpeni uli m'manja, thukuta likuyenderera m'khosi.

"Sekani. Ana anu ali kunyumba, mukawapeza madzulo. Ine ndikuphunzira kupempha kuti ndione wanga."

Kuseka kunazima. Mayi wa mphende uja anayamba kukonza nsomba zake zimene zinali zokonzakonza kale, ndipo poweruka anamusenzetsa Veronika dengu.

Amene sanachite manyazi ndi Symon. Anabwera pa njinga yake tsiku lina masana, n'kukhala pa mpando pansi pa mtengo wa msawu, n'kumvetsera mlongo wake akulimbana ndi liwu lija. Atauzidwa tanthauzo lake, anagwedeza mutu.

"Mlongo, ndiye kuti mukupita pa bwalo kukapempha kucheza ndi mwana wanu yemwe? Munthu amapempha chake? Dimba la amayi athu lija mudzasiyira ndani? Manda a azigogo ake adzamuonetsa ndani? Mukangonena liwu limenelo pamaso pa woweruza, mwavomera kuti Leah si wathu. Tsiku limenelo muwauze zoona: mwana ndi wa mbumba ino, abwere."

"Achimwene, mwanena kale zimenezo, ndipo foni inatsekedwa."

"Inatsekedwa chifukwa mzungu uja ndi wamwano. Ife tigonje chifukwa cha mwano wake?"

Mumtima Veronika ankagwirizana naye. Zinkamuwawa zedi. Mwana wa mwana wake wamkazi, magazi a m'mimba mwake, iye n'kumakagwada kuti amubwereke kwa kanthawi! Atachoka Symon, anatenga mlamba, n'kuuika pa thabwa, koma liwu lija silinatuluke. Anangoudula, misozi ikugwera pa nsomba. M'mawa mwake anayambiranso, pakuti ankadziwa kuti akaumirira kutenga, sadzamvanso ngakhale kutsokomola kwa Leah.

Tsiku la mlandu linafika. Anawapatsa kachipinda ku parishi ya ku Bangula, kumene netiweki siivuta, ndipo foni anaiimika pa tebulo moitsamiritsa ku buku la nyimbo. Veronika anavala chitenje chimene anavala pa misa ya Ireen. Symon anakhala pambali pake atavala jekete, kutentha konseko. Pa foni panaoneka chipinda choyera, woweruza wamkazi wa imvi, maloya awiri, ndi Magdalena, amene anamulola kumasulira popeza omva Chichewa kumeneko ndi owerengeka. Kenako kumapeto kwa tebulo kunaoneka Dennis.

Thupi la Veronika linachita zimene linazolowera. Anatembenuka chammbali, n'kukokera mpango kumaso, n'kuyang'ana pa simenti.

Maloya anayankhula zawo, Magdalena akumasulira mwachidule. Kenako woweruza anafunsa Dennis chifukwa chimene akukanira. Dennis anayankhula nthawi yaitali, ndipo atamaliza Magdalena anazengereza.

"Masulira, mwanawe," anatero Veronika, maso ali pansi. "Usandibisire."

"Akuti... akuti taonani ngakhale panopa. Akuti chikwatirireni mwana wawo, mayiwa sanandiyang'anepo, sanandiyankhulepo ngakhale liwu limodzi. Ireen ankandiuza kuti ndi mwambo, ndipo ndinkakhulupirira. Koma tsiku limene Ireen anatisiya ndinaimba foni ndikulira, ndinalibe wina wolira naye amene ankamukonda ngati ine. Iwo anatembenuka n'kupereka foni kwa mchimwene wawo, ndipo mchimwene wawoyo anandiuza kuti ndibweze mwana. Akuti munthu amene amadana nane mpaka kulephera kundiyang'ana, mwana wanga adzamuuza zotani za ine?"

Mayo! Veronika anamva ngati amuthira madzi otentha pamsana. Tsiku limenelo ankalikumbuka bwino. Anamva mkamwini wake akulira ngati mwana, ndipo mtima wake unafuna kumugwira paphewa. Anapereka foni kwa Symon chifukwa sikunali koyenera kuti mpongozi aone misozi ya mpongozi mnzake, ndipo iye anathamangira kuseri kwa nyumba n'kukadzigwetsa pa phulusa. Ulemu wonse uja, wa zaka zonse zija, munthu ankaulandira ngati chidani!

Woweruza anafunsa ngati agogo a mwana ali ndi choti anene, ndiponso chimene kwenikweni akupempha. Symon anaweramira kwa mlongo wake.

"Nthawi ndi imeneyi," ananong'ona. "Auzeni kuti mwana ndi wathu."

Magdalena naye anali atayamba kufotokoza za mwambo m'chiyankhulo cha kumeneko, koma Veronika anakweza dzanja.

"Leka, Magdalena."

Anagwira mpando ndi manja awiri n'kuutembenuza kuti uyang'ane pa tebulo. Anachotsa mpango kumaso. Kukweza mutu kunamulemera kuposa dengu lililonse limene anasenzapo, ndipo manyazi anamugwira ngati wavula pa msika. Koma anaukweza. Kwa nthawi yoyamba anaona nkhope ya mwamuna wa mwana wake: munthu wowonda, ndevu zosameta, maso ofiira, ndi makutu otambalala omwe aja a Leah. Anali mwana chabe, kalanga ine, mwana wa eni wofedwa.

Anamuyang'ana m'maso, osati woweruza ayi, iyeyo.

"Sam," anatero, n'kutseka milomo.

"Vaash." Likhweru lija linatuluka pa mpata wa mano, koma sanasamale.

"Ret."

Lilime linagunda kuseri kwa mano n'kuima. Ka i kanafika pakhosi, iye n'kukameza. Symon anadikira kuti mlongo wake apitirize, anene zija anamuuza, koma pakamwa pa Veronika panali potseka. M'chipinda choyera chija Dennis anali atatsegula pakamwa pang'ono, akuyang'ana mayi amene sanamuyankhulepo chiyambire.

Kenako Veronika anayankhula m'Chichewa, maso ake ali pomwepo.

"Apongozi, kwathu kuno munthu amene timamulemekeza kwambiri ndi amene sitimuyang'ana. Lero ndakuyang'anani, mundikhululukire. Sindinadane nanu ngakhale tsiku limodzi. Munamusunga mwana wanga, munamudwazika, munamuika m'manda ine kulibe. Leah ndi wanu. Muleleni. Ine ndikupempha chokhacho chimene ndanenachi, kuti ndizimuona."

Symon anaimirira, mpando n'kugwa chagada. "Mwagulitsa mbumba, mlongo," anatero, ndipo anatuluka osatseka chitseko. Veronika anamva njinga ikuchoka panja, koma sanacheuke. Magdalena anamasulira mawu aja akulira. Dennis anaphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka, ndipo atakweza mutu ananena mawu ochepa kwa loya wake.

"Amayi," anatero Magdalena, "akuti palibe chifukwa choti woweruza agamule. Apongozi anu avomera."

Veronika anaomba m'manja mwaulemu, n'kunena mmene amanenera anzake a ku Ndamera pothokoza kuchokera pansi pa mtima: "Takhuta."

Symon sanapondenso pakhomo pa mlongo wake. Mbiri inamveka m'mudzi kuti Veronika wapereka mdzukulu kwa azungu ndi pakamwa pake, ndipo ena ankamupatsa moni wa m'mphuno. Iye ankangodikira Lamulungu.

Linafika. Ataweruka ku tchalitchi anakhala pa mphasa pansi pa msawu, foni ili m'manja, ndipo inalira. Anali Leah, atakhala pa miyendo ya bambo ake, Magdalena ali pambali. Mwanayo anali atatalika, tsitsi atalimanga mosadziwa ndi manja a mwamuna, mano akutsogolo atagweruka ngati agogo ake.

"Leah! Mwana wa mwana wanga! Uli bwanji, mayi? Wadya chiyani lero?"

Mwanayo anamuyang'ana, kenako anayang'ana bambo ake. Veronika anabwereza pang'onopang'ono. Leah anangoluma chala. Chichewa chija chinali chitapita limodzi ndi Ireen.

Veronika anasowa pogwira. Anafunafuna m'mutu mwake chilichonse chimene mwanayo angamve, ndipo anapeza chimodzi chokha. Anamwetulira, n'kunena mosamala, nthuli zonse zitatu bwinobwino, monyadira ndithu: "Samværsrett."

Nkhope ya Leah inasintha. Anatembenuka n'kubisa mutu pachifuwa pa bambo ake.

"Ndalakwitsa?" anafunsa Veronika.

"Mwanena bwino kwambiri, amayi," anatero Magdalena motsitsa mawu. "Koma liwu limenelo mwanayu amaliopa. Miyezi yonseyi akalimva m'nyumba muno amadziwa kuti akuluakulu akukangana za iye."

Zinamupweteka Veronika kuposa mawu a Symon. Nsomba zonse zija anadula akuliloweza, manyazi onse aja a pa msika, kani ankanola chinthu choopseza nacho mdzukulu wake! Anapumira m'mwamba, n'kupukuta maso ndi nsonga ya mpango.

"Umuuze kuti agogo ake ali ndi liwu limodzi lokha la kwawoko, ndipo ndi loipa. Sadzalinenanso. Umuuze andipatse lina."

Magdalena anamasulira. Dennis ananong'oneza mwana wake, akumusisita kumsana. Patapita kanthawi Leah anasuzumira ndi diso limodzi, kenako anatembenuka yense. Anaganiza, n'kuloza foni ndi chala chonyowa ndi malovu.

"Mormor."

"Akuti chiyani?"

"Ndi dzina lanu, amayi," anatero Magdalena. "Limadulidwa pawiri. Mor ndiye kuti amayi. Mormor, amayi a amayi. Agogo a kuchimuna ali ndi dzina lawo lina. Limeneli ndi lanu nokha."

Veronika anayesa. "Moro-moro."

Leah anaseka, kuseka kwenikweni kotulukira pa mpata wa mano, n'kupukusa mutu. Anasendera pafupi mpaka nkhope yake inadzaza foni yonse, n'kulidula pawiri mmene amachitira aphunzitsi ake.

"Mor. Mor."

Mawu a mwanayo anali ngati a Ireen ali wamng'ono, akuitana kuchokera ku dambo madzi akamufika m'mawondo. Chichokereni Ireen, panalibe munthu amene anamuitanapo Veronika kuti amayi ndi mawu amenewo. Liwuli linali losavuta. Lilime limene linaphunzira kuima pa ret likanalitha ulendo woyamba womwe, ndipo Veronika ankadziwa zimenezo.

"Moro-moro," anateronso dala, misozi ikutsikira m'chibwano.

"Nei!" anakana Leah, akuseka. "Mor. Mor."

Veronika analakwitsanso.